Kuyenda pansi m'mbali mwa nyanja: Usisya ndi Ruarwe, kapena tikwere ku Livingstonia?

Aphiri_aku25:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi kuno ku Lilongwe, ndipo tchuthi chachikulu chikubwerachi, mu August, ine ndi mayi akunyumba tagwirizana zopita kunyanja. Koma timvetsetsane. Ku Senga Bay timapitako, n'kwabwino ndithu, kungoti tsiku la holide umakhala pamchenga pakati pa masipika awiri, uku utsi wa kanyenya, pobwerera n'kupeza kuti watopa kuposa mmene unapitira. Ulendo uno tikufuna timidzi ndi timatauni tating'ono ta m'gombe, koti tikagona, m'mawa n'kumanga nsapato, kukwera phiri, kutsikira padoko lina, basi.

Mnzanga wina kusukulu wandiuza za njira yochoka ku Usisya kukafika ku Ruarwe, kumpoto kwa Nkhata Bay. Iyeyo sanayendemo, anangomva. Wina akuti pitani pa Chitimba mukakwere Golodi, msewu wokhotakhota wokwera phiri, wapansi mpaka ku Livingstonia. Mlamu wanga akuti zonsezo n'kudzizunza, pitani ku Cape Maclear mukadye chambo.

Musanandiyankhe mudziwe izi. Galimoto tilibe, tiyenda pa basi. Tonse tapitirira zaka 40. Mayiwa kuyenda amayenda, kumunda amandisiya m'mbuyo, koma bondo lakumanja limawavuta akamatsika masitepe. Kusambira sadziwa, boti sanakwerepo. Ndalama ndi za mphunzitsi, ndiye malo olipira madola musawatchule kaye.

August ndi nthawi yabwino? Njira ya ku Ruarweyo munthu wamba angaithe? Kukafikako timayenda bwanji, nanga kubwerako? Amene munapondako mutithandize.

Mlangizi_wakale:

Aphunzitsi, apa ndiye mwandipeza. Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo m'midzi ya m'gombe kumpoto kwa Nkhata Bay, ndipo njira imeneyo ndinkayendamo ndi bokosi la katemera paphewa. Ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Musayembekezere njira ya alendo yokhala ndi zikwangwani ndi mabenchi opumirapo. Ku Ruarwe galimoto sifika, ndiye kanjira kameneko ndiwo msewu wawo waukulu. Mukumana ndi ana akuthamangira kusukulu, amayi atasenza madengu a usipa, mnyamata ali ndi batire la sola pamutu, tsiku lina anthu atanyamula wodwala. Kamadutsa pabwalo pa anthu, pena pakati penipeni pa khitchini ndi nyumba yogona, mpaka mlendo amaima n'kumaganiza kuti wasochera. Simunasochere. Nenani odi, perekani moni, pitirirani. Kumeneko kumamveka Chitumbuka ndi Chitonga koma Chichewa amamva, ndipo monire ndi yewo zikukwanirani. Chimene sakondwera nacho ndi munthu wodutsa pakhomo ali duu, maso pa foni, kapena wojambula anthu osapempha. Madoko ambiri ali ndi mbali ya amayi ndi mbali ya abambo. Mukamva wokuperekezani akukuwa musanatulukire pagombe, akuchenjeza osamba, inu imani kaye mpaka ayankhe.

Malo ake ali chonchi. Usisya ndi chidikha chamchenga chimene chinalowa m'nyanja, kumbuyo kwake mapiri ataliatali. Mukangotuluka m'chidikhamo kulowera kumpoto, mapiri aja amafika mpaka m'madzi. Ndiye njira imakwera mutu wa phiri, kutsikira pakadoko pamene pali nyumba zingapo ndi mabwato, kuwoloka kamtsinje, n'kukweranso. Palibe chitunda chimodzi chimene mungati ichi ndiye chatipha. Vuto ndi kuchuluka kwake. Pena mumayenda m'mphepete mwa phompho, pansipo madzi oyera oti mukuwerenga miyala ndi tinsomba, patsogolo pang'ono madzi omwewo n'kuda bii, chifukwa chigawo chino ndi kumene nyanja yathu inazama kwambiri, mamita opitirira 700 pamalo ena. Eni ake amayenda maola 5 kapena 6. Inu ndi mayi werengerani tsiku lonse.

Za bondo ndisakunamizeni, nkhani ili potsika. Pamwamba pa thanthwe pamakhala timiyala toyenda, ndipo mu August udzu ndi wouma, woterera. Mayi adule ndodo yansungwi yofika m'chifuwa, amange bandeji asananyamuke osati bondo litayamba kale kupweteka, ndipo asanyamule kanthu. Chikwama apatse mnyamata. Operekeza alendo amapezeka mukafunsa pamene mwagona. Mtengo mugwirizane usiku womwewo, ndipo mutchuliretu ngati chakudya chake ndi ulendo wake wobwerera zili momwemo, kuti pasadzakhale kukokana pamapeto. Nsapato zikhale zakale zimene phazi linazolowera. Mudzaona eni mudzi akudumpha miyala atavala patapata, inu musatengere.

Nyamukani 5 koloko, kukungoyera. Gombe limeneli linayang'ana kum'mawa, ndiye dzuwa likangotuluka kutsidya limakupezani, palibe phiri lokutchingirani, ndipo pofika 10 koloko miyala yatentha kale. Ubwino wake ndi woti mapiri a kumadzulo amaponya mthunzi msanga. Choncho dulani mtunda wambiri m'mawa, dzuwa likafika paliwombo khalani pansi pa mtengo wa mango padoko lililonse, muphikitse tiyi, mudzanyamukenso cha m'ma 2 koloko. Madzi aliyense malita 2, ndi kabotolo ka WaterGuard kothira m'madzi otunga m'njira. Timapaketi ta Thanzi sitilemera, ponyanimo.

Tsopano August. Kwa woyenda pansi ndi mwezi wabwino: mvula kulibe, mitsinje yaphwa, kutentha kwa October sikunafike. Koma ndi nyengo ya mwera. Mphepo imeneyi imachokera kummwera, kuyambira cha mu May mpaka August, ndipo imakankha madzi kutalika konse kwa nyanja, makilomita opitirira 500, ndiye pofika kuno mafunde amakhala atakula. Pena umawomba masiku angapo osapuma. Maboti amatabwa a injini ochoka pa Nkhata Bay kupita ku Usisya ndi Ruarwe amanyamula chilichonse, simenti, malata, mabelo a shuga, makireti, anthu n'kukhala pamwamba pa katunduyo. Nyanja ikakhala bata ndi ulendo wokoma. Mwera ukauka, munthu amene sanakwerepo boti komanso sadziwa kusambira musamuyambitsire pamenepo. Ine ndikaona asodzi akokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi kumasoka maukonde, sindinkakwera, ngakhale mwini boti alumbire motani.

Ndikanakhala inu ndikanatere. Basi mpaka ku Mzuzu, kugona. Kuchoka ku Mzuzu kuli msewu wafumbi wopita ku Usisya, mumayenda malole ndi mapikapu a matola. Nthawi yamvula ndi wozunza, koma mu August ndi wouma. Kumapeto kwake umatsetsereka koopsa, mayi akhale kutsogolo ndi dalaivala ngakhale muwonjezere kandalama. Mufike ku Usisya Lachinayi kapena Lachisanu, mupume, madzulo mukwere kaphiri kali pafupi ndi gombe kuti muyese bondolo. Likadandaula pamenepo, za ku Ruarwe wapansi zilekeni, palibe adzakuchongeni kuti mwajomba. Likavomera, Loweruka m'bandakucha nyamukani.

Kubwerera ndi pa sitima ya Ilala. Ndondomeko imene yakhalapo zaka zambiri ndi yoti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudzera ku Likoma ndi Chizumulu, Lamulungu n'kuchoka pa Nkhata Bay kupita ku Usisya, Ruarwe mpaka ku Chilumba, Lolemba m'mawa n'kubwerera njira yomweyo. Ndiye Lamulungu mukupumitsa miyendo ku Ruarwe mudzaiona ndi maso anu ikupita kumpoto. Mukaiona, mwadziwa kuti mawa m'mawa ibwera, longedzani. Mukapanda kuiona, muli ndi tsiku lonse lofunsa za boti. Ndi sitima yakale, inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja pano mu 1951, ndipo nthawi zina imakhala ku Monkey Bay ikukonzedwa, choncho mufunse musanachoke ku Lilongwe. Koma pa mafunde a mwera ndi yokhazikika kuposa boti lililonse lamatabwa.

Kakweredwe kake mayi akadziwiretu. Ku Ruarwe kulibe jeti. Sitima imaima patali n'kutsitsa maboti ake amene amabwera kugombe, inu n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, pena m'chiuno, uku matumba a usipa akudutsa pamutu panu. Foni ndi ndalama zikulungeni m'jumbo, nsapato zimangeni m'khosi. Pali anyamata amene amabereka anthu kukawaika m'boti pa kandalama kochepa, ndipo ndinaonapo abusa ali ndi kolala m'khosi ataberekedwa, ndiye mayi asachite manyazi. Pofika pa sitima pali kamakwerero kachitsulo. Adikire funde likweze boti, bondo labwino litsogole.

Chakudya ndi kondowole. Mukamayandikira madoko mudzamva kafungo kowawasa. Ndi chinangwa chimene achiviika m'madzi masiku angapo kuti chichoke kuwawa, kenako amachiyanika pamiyala kapena pathandala chili mbee, n'kusinja. Nsima yake ndi yomata, imakoka, ndipo satafuna, umangosunsa mumsuzi n'kumeza. Usiku woti mawa mukuyenda idyani pang'ono, imakhalitsa m'mimba. Ndiwo ndi usipa wauwisi, utaka, batala mukachita mwayi, ndi chigwada. Koma musadabwe kupeza mudzi wa asodzi ulibe nsomba. Mwera ukawomba sapita panyanja, ndipo mwezi ukakhala wowala usipa subwera ku nyali zawo. Ukakhala mumdima ndiye khalani pagombe madzulo muone ntchito. Siginala amatsogola yekha m'bwato la nyali, kale zinali za parafini zopopa, pano ambiri ndi mababu a batire. Usipa ukasonkhana pansi pa kuwalako amaitana anzake, iwo n'kuzungulira ndi ukonde wa chilimira. M'mawa amayi ali kale pamchenga ndi mabeseni, kukangana mtengo boti lisanagunde n'komwe, ndipo pofika 8 koloko mathandala onse adzaza. Komabe m'chikwama mukhale mtedza wokazinga, shuga ndi masamba a tiyi.

Ndalama tengani zapamanja, zosinthasintha. Netiweki imagwira pamalo ena okwera, ndipo wa ndalama za pafoni mukam'peza akhoza kukhala alibe zokupatsani.

NyaGondwe:

A Mlangizi alemba zoona zokhazokha, koma ine ndikutsutsako pamodzi. Munthu wa bondo lovuta, ulendo woyamba, mukumutumiza kumene kulibe galimoto? Likatupa pakati panjira adzatani? Aphunzitsi, bwerani kwathu. Ndine wa ku Khondowe, kumene inu mumati ku Livingstonia.

Kwerani basi ya ku Karonga, mutsike pa Chitimba. Gonani pomwepo, mchenga wake ndi wautali ndipo phiri la Chombe mumaliona lonse mutakhala pagombe. M'mawa ndiye Golodi. Ndi makilomita 15, makona 20, ndipo mumakwera mamita pafupifupi 900 kuchoka panyanja. Wosathamanga amatenga maola 4. Pali tinjira tachidule todula makona, ana asukulu amadzera mmenemo, koma n'toimirira, mayi asatiyese. Tsatirani msewu weniweniwo, umakwera pang'onopang'ono, ndipo pakona iliyonse mukacheuka nyanja imakhala yakula. Ubwino wa Golodi ndi uwu: mukatopa mumangokhala pamwala kudikira pikapu kapena njinga yamoto. Pobwerera musatsike wapansi, bondolo lidzakutukwanani. Kwerani galimoto, kapena tulukirani msewu wina wa ku Njakwa wopita ku Rumphi.

Kutatsala makilomita 4 kuti mufike kumishoni pali mathithi a Manchewe. Madzi amagwa mamita 125. Anyamata apamenepo amatengera alendo kuphanga lili kuseri kwa madziwo, kumene makolo athu Aphoka ankabisala nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo. Kanjira kotsikirako n'konyowa, umachita kugwira mizu. Bambo pitani, mayi akhale pamwamba poonera, saluza kanthu chifukwa chigwa chonse mpaka kunyanja chimaoneka pomwepo.

Pamwamba ndi poyenda bwino, mthunzi wa mitengo ndi nyumba za njerwa zofiira. Dr Robert Laws anabweretsa mishoni kuno mu 1894, malungo atawavuta ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Stone House, nyumba imene ankakhala, pano ndi museum. Mukafika mufunse akuonetseni zolemba za pakapinga. Mu 1959, nthawi ya State of Emergency, boma la atsamunda linaponya uthenga pa ndege kufunsa ngati azungu apamishoni akufuna kudzawachotsa. Iwo pamodzi ndi anthu akuda anayala pansi zilembo zoyera za Aefeso 2:14 kuti wandege awerenge, kusonyeza kuti sachoka. Monga mphunzitsi mudzakhala ndi chokauza ana. Lamulungu lowani m'tchalitchi chachikulu mumve nyimbo za Chitumbuka, ndipo muyang'ane windo lagalasi lokhala ndi chithunzi cha Livingstone.

Mukafuna phiri lenileni, ku Chombe ndi ulendo wa tsiku lathunthu kupita ndi kubwera, kudutsa m'minda ya anthu, ndipo tsiku lopanda utsi mumaona mapiri a ku Tanzania kutsidya. Mu August anthu amakhala ayamba kutentha tchire, ndiye lawirirani. Olimba miyendo amachoka ku Chelinda pa Nyika kutsikira kuno, masiku atatu, koma umenewo ndi ulendo wa matenti ndi asilikali a zanyama, usiyeni kaye.

Juzi musaiwale. Anthu amanyengeka ndi kutentha kwa pa Chitimba, kufika kuno usiku mano akuchita kuwombana. Uchi ndi khofi wa m'mapiri a Phoka mugule konkuno.

CheMdala_MonkeyBay:

Inu akumpoto mukufuna kuwapha aphunzitsiwa. Mlamu wawo ananena zoona. Ndipo a NyaGondwe musaiwale kuti Livingstonia yoyamba inali kwathu kuno, 1875, manda a amishoni alipo mpaka lero.

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Monkey Bay ndi tsiku lomwelo, kudzera ku Salima kapena kutsika pa Golomoti, kenako matola kapena njinga yamoto kulowa ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear. Sitima simukuifuna. Mukapewa Khirisimasi, Isitala ndi Loweruka, pakati pa sabata mudziwo ndi wa asodzi basi, mbali ina malo ogona alendo, mbali ina mathandala a usipa ndi amayi akutsuka mbale. Zoyenda zilipo za msinkhu uliwonse. Otter Point ndi pafupi, mumalipira pageti chifukwa ndi mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo a UNESCO anaiika pa mndandanda wawo mu 1984 chifukwa cha mbuna. Mayi osadziwa kusambirawo akhoza kungoima pamwala, madzi m'mawondo, tinsomba tabuluu ndi tachikasu tikuwazungulira miyendo. Wofuna thukuta akwere phiri la kuseri kwa mudzi, kapena adutse kupita ku Msaka, mudzi wina wa asodzi. Tengani woperekeza chifukwa tinjira ta otola nkhuni n'tambiri ndipo timafanana. Polowa muime pa Mwala wa Mphini muone mizere yake. Anyani ndi mbava, nthochi amachita kulanda m'manja.

Mwera wakuopsezaniwo ku Chembe suvuta kwenikweni, mudzi unayang'ana chakumpoto ndipo mapiri amatchinga. Nsima ndi ya chimanga, yotafuna ngati anthu.

Aphiri_aku25:

Zikomo nonse, ndawawerengera mayi zonse. Za kuberekedwazo aseka mpaka misozi, koma akuti ku Ruarwe ndiye akufuna, poti ku Livingstonia ndi ku Cape Maclear tikhoza kudzapita ndi ana chaka china. A NyaGondwe musakhumudwe, funso lanu la bondo likatupa landigwira inenso, a Mlangizi tiyankheni pamenepo. Komanso kogona ku Usisya ndi ku Ruarwe n'kotani? Nanga likodzo, tisambe m'nyanja kapena ayi? Che Mdala, kwanuko ndamva kuti ndiye kuchimake.

CheMdala_MonkeyBay:

Likodzo lilipo aphunzitsi, sindikana. Mankhwala aliponso. Koma bondo likathyokera ku Ruarwe musadzati sindinanene.

Mlangizi_wakale:

Funso la a NyaGondwe ndi lenileni, ndipo yankho lake ndi nyanja yomweyo. Njira yonseyo simutalikirana ndi madzi, ndipo madoko ambiri ali ndi boti. Bondo likakana, mumatsikira padoko lapafupi n'kukambirana ndi asodzi akufikitseni. Mayi asakwere bwato la mtengo umodzi, lija lokhala mwendo uku mwendo uku. Pemphani boti lamatabwa, ndipo ngati mungapeze jekete yoyandamitsa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, nyamulani, alivale iwowo.

Koma apa mwera ukubweranso. Tsiku limene nyanja yakwiya, pothawira pamenepo patsekeka, mudzagona pamudzi pomwe bondo lakanirapo. Ndiye Loweruka musanamange nsapato pitani kugombe mukaone. Mukaona thovu loyera patali ndipo mabwato onse ali kumtunda, musanyamuke. Khalani ku Usisya, Lamulungu mukwere Ilala kupita ku Ruarwe, ndi pafupi, mugone, Lolemba mubwerere nayo. Simudzakhala mutaluza, chifukwa ku Ruarwe komweko kuli tinjira tafupi tokoma: kutsata mtsinje kukwera m'chigwa mpaka pamathithi, kapena kuyenda pang'ono kumpoto kwa mudzi kukafika pa mtsinje wa Zulunkhuni, pamene madzi amagwa pafupi ndi nyanja penipeni.

Kogona kosavuta ku Usisya kulipo, ndipo ku Ruarwe malo a alendo ali cha ku Zulunkhuni komweko. Malo a m'midzi yotere amatseka n'kutsegulanso, ndiye pezani nambala muimbiretu, ndipo funsani mtengo wa Amalawi, musaope. Zikavuta, inu ndinu mphunzitsi. Pitani kwa a hedi a sukulu yapamudzipo kapena kwa amfumu, simugona panja. Kungoti musapite chimanjamanja. Shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira, zimenezi kumeneko zimabwera pa boti ndipo zimadula, zimalandiridwa bwino kuposa ndalama yopatsira m'manja. Neti yanu nyamulani, ndi kachingwe komangira. Udzudzu wa kunyanja sudziwa zoti kunja kukuzizira.

Za likodzo. Tizilombo take timatuluka mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu, ndipo nkhonozo zimachuluka m'madzi odekha, osaya, pafupi ndi pamene anthu ambiri amasamba ndi kuchapa. Pamagombe a miyala, akuya, omenyedwa ndi mafunde, chiopsezo n'chochepa, koma sichitheratu. Pokwera sitima mudzalowa m'madzi basi, ndiye musadzivutitse ndi mantha. Pewani mabango ndi pamene mitsinje ikuthira m'nyanja, komwenso ndi kumene ng'ona zimakonda, ndipo posambira funsani eni mudzi. Mukabwerera, pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala mukayezetse kapena mukalandire praziquantel. Amapereka molingana ndi kulemera kwa munthu, ndipo mumwe mutadya nsima, apo ayi chizungulire chidzakugonekani. Kumwa mutangofika kumene sikuthandiza, chifukwa mankhwalawa amagwira bwino nyongolotsizo zikakula. Musadikire kuona magazi mumkodzo. Ndipo thupi likatentha m'masabata otsatira, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Lolemba mukafika pa Nkhata Bay musathamangire minibasi. Gonani, madzulo muyende wapansi kupita ku Chikale, njira yake ndi yofewa pa bondo lotopa, mudye batala wowotcha pamsika. Pobwerera ku Lilongwe dzerani msewu wa kunyanja, M5, kudutsa Chintheche, Dwangwa, Nkhotakota ndi Salima. Mukangochoka pa Nkhata Bay mumalowa m'munda wa mitengo ya mphira wa Vizara, ndipo m'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa mipira yoluka ndi mphira womwewo. Imadumpha kuposa ya m'sitolo, muwagulire ana. Mukakhala ndi nthawi tsikani ku Bandawe muone tchalitchi chakale cha amishoni aja a NyaGondwe amanena.

NyaGondwe:

Chabwino, ndagonja, koma pang'ono. Aphunzitsi, onani bwino ndondomeko imene a Mlangizi alembayo. Ngati Loweruka mwafika ku Ruarwe miyendo ili bwino, Lamulungu Ilala ikamapita kumpoto kwerani imeneyo m'malo modikira ya Lolemba. Mukatsika ku Chilumba madzulo, mugone, m'mawa kuchoka pamenepo kufika pa Chitimba ndi osakwana ola limodzi pa minibasi. Golodi mudzakwere pa pikapu, bondo litapuma. Ku Chilumba kuli jeti, ndiye potsika mayi sadzaberekedwanso. Mukatsimikiza tsiku mundiuze, ndifunse kwathu za galimoto yonyamuka pa Chitimba m'mawa.